Kusankha khadi la graphics ndalama zili zowerengeka: yambani ndi kompyuta imene muli nayo kale

Anthu ambiri akafuna kusintha khadi la graphics amayamba ndi funso lakuti khadi labwino ndi liti pa ndalama zimene ali nazo. Funsolo si loipa, koma limabwera nthawi yake isanakwane. Khadi, lomwe ndi chipangizo chojambula zithunzi zimene mumaona pa sikirini, limakalowa m'kompyuta imene ili kale ndi purosesa yake (ubongo wa kompyuta), power supply yake (chipangizo chogawa magetsi), bokosi lake ndi sikirini yake, ndipo zinthu zinayi zimenezi ndi zimene zimasankha khadi, inu mumangovomereza. Munthu wolemera akagula molakwika amangosintha china mawa lake. Wa ndalama zowerengeka alibe mwayi wogula kawiri, choncho ntchito yaikulu iyenera kuchitika ndalama zidakali m'thumba.

Ngati yanu ndi laputopu, tisakutayireni nthawi. Pa malaputopu pafupifupi onse chipu cha graphics chimakhala chomatiridwa pa motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndipo sichichotseka. Zonse zili m'munsimu ndi za kompyuta ya bokosi.

Tsimikizani kaye kuti wolakwa ndi khadi

Pa Windows 10 kapena 11, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke, kenako pitani pa Performance. Pamenepo muona mmene purosesa, RAM (memory imene kompyuta imaikamo zimene ikuchita pa nthawiyo) ndi GPU (chipu cha khadi la graphics) zikugwirira ntchito. Yatsani gemu kapena pulogalamu imene imakutopetsaniyo, isiyeni iyende mphindi zingapo, muyang'ane manambala. Wofuna kuona manambalawo ali m'kati mwa gemu aike MSI Afterburner, yomwe ndi yaulere ndipo imagwira pa khadi la kampani iliyonse ngakhale dzina ndi la MSI.

GPU ikamakhala pa 95 mpaka 100 peresenti, khadi lafika pothera mphamvu zake ndipo latsopano lidzakuthandizani. Ikamangozungulira pa 50 kapena 60 peresenti zithunzi zikudukizadukiza, ndiye kuti khadi likudikira purosesa, ndipo lamphamvu kuposa pamenepo lidzangodikiranso chimodzimodzi. Pali njira ina yachidule: tsitsani resolution ya gemu, ndiko kuti kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi, ifike pa 1280×720. Zithunzi zikayamba kuthamanga kwambiri, vuto ndi khadi. Zikakhala mmene zinalili, ndalama zanu zikufunika kwina.

Kwinako kungakhale ku purosesa, koma kungakhalenso ku RAM. Kompyuta ya 8GB imabanika ndi magemu a masiku ano, ndipo 16GB yoikidwa ngati timitengo tiwiri ta 8GB imayenda bwino kuposa kamtengo kamodzi ka 16GB, chifukwa purosesa imawerenga mbali ziwiri nthawi imodzi. Gemu ikamachedwa kutseguka koma ikatseguka n'kumayenda bwinobwino, ameneyo ndi hard disk, ndipo mankhwala ake ndi SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk.

Sikirini yanu ndi ntchito yanu

Sikirini ya 1920×1080, imene imatchedwanso 1080p, ili ndi timadontho topitirira pang'ono 2 miliyoni. Ya 2560×1440 ili ndi pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo ya 4K ili ndi topitirira 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi ya 1080p. Khadi liyenera kupenta kadontho kalikonse kambirimbiri pa sekondi. Ngati sikirini yanu ndi ya 1080p ndi 60Hz, singaonetse zithunzi zopitirira 60 pa sekondi, ndiye khadi lotha kutulutsa 200 lidzagwira ntchito imene maso anu sadzaiona. Ili ndi dalitso kwa wa ndalama zochepa: pa 1080p makhadi apakatikati amakwanira.

Ganiziraninso zimene mumachita. Valorant, Fortnite ndi Counter-Strike 2 safuna khadi lalikulu ngati Cyberpunk 2077, ndipo amadalira kwambiri purosesa. Wokonza mavidiyo kapena wogwiritsa ntchito Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D, amapeza mpumulo ndi makhadi a kampani ya NVIDIA, chifukwa mapulogalamu ambiri anazolowera CUDA, njira ya NVIDIA yopatsira khadi ntchito zolemera, ndipo NVENC, gawo la khadi lopanikizira mavidiyo, imathandiza pojambula sikirini ndi pulogalamu ya OBS popanda kulemetsa purosesa. Wongosewera magemu alibe chifukwa chokakamirira dzina limodzi.

Power supply: apa ndi pamene ambiri amagwa

Zimitsani kompyuta, tsegulani chivundikiro cha m'mbali, muwerenge chipepala chomatidwa pa power supply. Nambala yaikulu yolembedwa mochititsa kaso isakunyengeni. Fufuzani mzere wa +12V, chifukwa khadi ndi purosesa zimamwa magetsi kuchokera pamenepo. Pakalembedwa ma amp okha, chulukitsani ndi 12: ma amp 30 ndi mawati 360. Ma power supply otchipa amatha kulemba 500W pamwamba pomwe mzere wa +12V sufika n'komwe pa 300.

Tsopano werengani zimene kompyuta idzamwe. Tengani mawati a khadi, onjezani a purosesa, onjezaninso 50 kapena 70 a motherboard, mafani ndi ma disk, kenako siyani malo opumira, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Radeon RX 6600 ya kampani ya AMD imamwa mawati 132. Ndi purosesa ya mawati 65 zonse pamodzi sizifika pa 300, ndipo AMD imalangiza power supply ya 450W. GeForce RTX 3060 ya NVIDIA imamwa 170 ndipo NVIDIA imalangiza 550W. RX 580, imene imakopa anthu chifukwa chotchipa, imamwa 185, kuposa onse awiriwa, pomwe mphamvu zake n'zochepa kwa onsewo. Walira mvula walira matope: khadi lotchipa limene likukakamizani kugula power supply yatsopano silinatchipe, ndipo mtengo wa power supply yo muuwerengere limodzi kuyambira pachiyambi.

Kenako yang'anani mawaya. Polowera khadi pa motherboard pamapereka mawati 75. Pulagi ya mapini 6 imaonjezera 75, ya mapini 8 imaonjezera 150. Waya wa khadi umakhala wolembedwa PCIe ndipo nthawi zambiri mapini ake amagawanika 6 ndi 2. Pali wina wofanana nawo wa purosesa, wogawanika 4 ndi 4. Ameneyo si wa khadi, ndipo musamukakamize kulowa. Ngati power supply yanu ilibe waya wa PCIe, imeneyo ndi njira yake yokuuzani kuti sinapangidwire khadi lotere. Timawaya tosinthira kuchoka pa SATA, pulagi ya magetsi ya ma hard disk, kupita pa mapini 6 kapena 8 tilipo ndipo ndi totchipa, koma pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54 okha pa 12V. Kuidutsitsa 150 ndi kuitana fungo la pulasitiki wopsa. Ine sindingakulangizeni timawaya timeneti ngakhale pang'ono.

Mawu awiri oonjezera. Chizindikiro cha 80 Plus chimanena za kusawononga magetsi, sichitsimikiza kuti zipangizo za m'kati ndi zolimba. Ndipo ngati power supply yanu ndi ya mawaya ochotseka, musabwereke waya wa power supply ina ngakhale ukulowa bwinobwino, chifukwa kayalidwe ka mapini kumbali ya power supply kamasiyana ndipo mungawotche khadi tsiku loyamba.

Makompyuta a mu ofesi ang'onoang'ono, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre, ali ndi nkhani yawoyawo. Ambiri ali ndi power supply ya mawati 180 mpaka 260, yopanda waya wa PCIe, ndipo mapulagi ake ndi a kampaniyo yokha, kotero simungangoikamo ina iliyonse. Pamenepa musavutike ndi mndandanda wautali. Mufunika khadi losafuna waya, la low profile, kutanthauza lalifupi lokwana m'bokosi laling'ono: GTX 1650 ya mtundu umenewo, RX 6400 ya mawati 53, kapena RTX 3050 ya 6GB (kukula kwa memory ya khadilo) imene inatuluka mu 2024, ya mawati 70. Chenjerani ndi GTX 1650, chifukwa mitundu ina imafuna pulagi ya mapini 6. Onani chithunzi cha khadi lenilenilo.

Tengani tepi muyeze

Yezani kuchokera kumbuyo kwa bokosi, pamene khadi limamangidwira, kufika pa chinthu choyamba chotchinga, kaya ndi khola la ma hard disk kapena fani wakutsogolo. Yerekezani ndi kutalika kwa khadi m'mamilimita, kumene wopanga amalemba pa tsamba la khadilo. Chipu chimodzi chomwecho chimagulitsidwa ndi ASUS, MSI, Gigabyte, Sapphire, Zotac ndi ena, wina ndi fani mmodzi, wina ndi atatu, ndipo kutalika kumasiyana kwambiri. Pa makhadi osamwa magetsi ambiri, mafani awiri ndi okwanira. Mafani atatu ndi nyali zamitundumitundu ndi ndalama zimene zikanapita ku chipu champhamvu. Onaninso kunenepa kwake, chifukwa m'makompyuta ena a mu ofesi polowera khadi pali pafupi ndi power supply moti khadi lotenga mipata iwiri silikwana.

Mudakali pomwepo, yang'anani kumbuyo kwa sikirini. Makhadi a GeForce kuyambira m'badwo wa GTX 10, wa mu 2016, satulutsanso VGA, polowera pakale pa waya wa sikirini, ndipo atsopano ambiri ali ndi HDMI ndi DisplayPort basi. Sikirini ya VGA yokha idzafuna adapta yosintha siginolo.

Motherboard yakale ndi khadi latsopano

PCIe, njira imene khadi limalumikizirana ndi motherboard, imagwirizana ndi mibadwo yam'mbuyo, choncho khadi la PCIe 4.0 limayaka pa motherboard ya 3.0. Vuto lili pa kuchuluka kwa misewu imene khadi limagwiritsa ntchito. Pa 3.0 msewu umodzi umadutsitsa pafupifupi 1GB pa sekondi, ndipo 4.0 imawirikiza kawiri. Khadi la misewu 16 silimva kanthu. La misewu 8, monga RX 6600 ndi RTX 4060, limataya pang'ono pokha. Koma RX 6500 XT ya mu 2022 ili ndi misewu 4 ndi 4GB chabe, ndipo pa motherboard ya 3.0 imatsamwa memory yake ikangodzaza. Ilibenso gawo lopanikizira mavidiyo, kotero wojambula magemu ake aipewe. RX 6400 ili ndi zilema zomwezo. Imakhululukidwa kokha chifukwa imalowa pomwe ena sakwana.

Makhadi a Intel Arc ndi okopa, makamaka B580 ya 12GB imene inatuluka mu December 2024, koma amafuna Resizable BAR, njira yolola purosesa kufikira memory yonse ya khadi nthawi imodzi, kuti aonetse mphamvu zawo. Zimenezi zimapezeka kuyambira pa mapurosesa a Intel a m'badwo wa 10 ndi AMD Ryzen 3000, ndipo zimayatsidwa mu BIOS, pulogalamu ya mu motherboard imene imayamba kompyuta ikangoyaka, pamodzi ndi china cholembedwa Above 4G Decoding. Ngati purosesa yanu ndi yakale kuposa pamenepo, Arc si yanu.

Mayina amanama, ma GB nawonso

Pa dzina ngati RTX 3060, manambala awiri oyamba ndi m'badwo, awiri omaliza ndi msinkhu wa khadi m'banjamo. Msinkhu umalemera kuposa m'badwo nthawi zambiri: RTX 2060 ya mu 2019 imaposa RTX 3050 ya mu 2022 ngakhale nambala yake ndi yaing'ono. Ndipo RX 6600 imaposa RTX 3050 moonekeratu pa magemu wamba, chinthu chimene ambiri sachikhulupirira chifukwa dzina la RTX limamveka bwino m'khutu.

Opanga ali ndi chizolowezi chopereka dzina limodzi ku makhadi awiri osiyana. GTX 1060 ya 3GB sinangochepa memory, chipu chakenso chinadulidwa poyerekeza ndi cha 6GB. RTX 3060 ya 8GB ili ndi njira ya memory ya 128-bit pomwe ya 12GB ili ndi 192-bit, ndipo imachedwerapo. RTX 3050 ya 6GB ndi yofooka kuposa ya 8GB. GT 1030 ili ndi mtundu wa GDDR5 ndi wa DDR4, ndipo wa DDR4 umatsalira kutali. RX 580 yolembedwa 2048SP ndi RX 570 yovala malaya a mkulu wake. Choncho werengani dzina lonse mpaka kumapeto, ndi timalemba tating'ono tomwe.

Za kuchuluka kwa memory: 4GB tsopano ndi yothina, 6GB imapirira mukatsitsa ma texture (zithunzi zokutira makoma ndi zinthu za mu gemu), 8GB ndi poyambira pabwino pa 1080p, ndipo 12GB imakupatsani zaka zingapo za mtendere. Memory ikadzaza gemu siyenda pang'onopang'ono mwaulemu, imadumphadumpha ndipo makoma amaoneka ngati sanamalize kupentedwa. Komabe ma GB okha si mphamvu. GT 730 ya 4GB imagonja kwa GTX 1050 ya 2GB popanda mkangano, chifukwa nkhokwe yaikulu sithandiza ngati wolima ndi wofooka.

Ray tracing, njira yoonetsa kuwala ndi mithunzi ngati zenizeni, musaiwerengere pa makhadi a msinkhu uno. Mudzaiyatsa kamodzi, mudzasilira, kenako mudzaizimitsa. Chothandiza ndi njira zojambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa. DLSS imagwira pa makhadi a RTX okha, kuyambira m'badwo wa 20, pomwe FSR ya AMD, mpaka mtundu wachitatu, imagwira ngakhale pa makhadi a GTX.

Mukatsala ndi makhadi awiri kapena atatu, fufuzani mayeso awo pa magemu amene inuyo mumasewera, pa resolution yanu, ndipo onani nambala ya 1% low (liwiro la zithunzi pa nthawi zimene gemu yachedwa kwambiri), osati avareji yokha, chifukwa ndi imene imaonetsa kudukiza. Lamulo langa ndi lakuti ngati khadi latsopano silikuposa lakale ndi theka kapena kupitirira, ndi bwino kusunga ndalamazo mwezi wina. Wochoka pa GTX 1050 Ti kupita pa RX 6600 kapena RTX 3060 amaona kusintha tsiku lomwelo. Wochoka pa GTX 1060 ya 6GB kupita pa GTX 1650 wabwerera m'mbuyo.

Latsopano kapena logwirapo kale ntchito

Latsopano limabwera ndi waranti ndi madiraiva (mapulogalamu oyendetsa khadi) a zaka zambiri kutsogolo. Pamsinkhu wotsika panatuluka RX 7600 ndi RTX 4060 mu 2023, zonse za 8GB, komanso RTX 5060 ndi RX 9060 XT mu 2025. Logwirapo kale ntchito limakupatsani mphamvu zochuluka pa ndalama zomwezo, koma musabwerere m'mbuyo kwambiri. AMD inachepetsa chisamaliro cha madiraiva a RX 400 ndi RX 500 mu 2023, ndipo NVIDIA inasiya kukonzera m'badwo wa GTX 10 madiraiva a magemu atsopano kumapeto kwa 2025. Makhadi amenewa akugwirabe ntchito, koma gemu yatsopano ikawavuta palibe adzawathamangire.

Makhadi ambiri akale anadutsa m'manja mwa okumba crypto, anthu amene amayendetsa makhadi osalekeza kuti apeze ndalama za pa intaneti, ndipo anasefukira pamsika Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu September 2022. Kukumba pakokha sikupha chipu. Chimene chimatopa ndi mafani amene anazungulira usana ndi usiku, ndi phala lotengera kutentha limene limauma. Vuto lina ndi BIOS yosinthidwa, makamaka pa RX 570 ndi RX 580, imene imachititsa madiraiva kukana khadi.

Musalipire musanalione likugwira ntchito. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo khadi lopukutidwa bwino silinena mbiri yake. Tsegulani GPU-Z, pulogalamu yaulere ya TechPowerUp, muyerekeze dzina la chipu, kuchuluka kwa ma shader (tizigawo togwira ntchito m'chipu) ndi mtundu wa memory ndi zimene wopanga analemba. Pali makhadi abodza olembedwa GTX 1050 Ti pomwe m'kati muli chipu cha GTS 450 cha mu 2010. Chizindikiro chake chosabisika ndi polowera VGA kumbuyo, ndipo GPU-Z imawalemba kuti ndi abodza. Kenako liyendetseni mphindi 15 kapena 20 pa FurMark kapena Unigine Superposition, mapulogalamu opanikiza khadi poliyesa. Penyani timadontho tamitundu, mizere, sikirini kuthima, kapena kompyuta kudzizimitsa yokha. Chimodzi mwa izi chikaoneka, bwezani. Kutentha kwa chipu kukhale pansi pa madigiri 85. Mverani mafani ngati akukhula kapena kugogoda, yesani polowera HDMI ndi DisplayPort paliponse, ndipo yang'anani dzimbiri pa zitsulo ndi zomangira zokumbika mitu. Wogulitsa wokana kuti muyese wakuyankhani kale.

Kuika khadi

Koperani madiraiva atsopano kuchokera pa tsamba la NVIDIA, AMD kapena Intel musanachotse khadi lakale. Ngati mukusintha kampani, chotsani madiraiva akale ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller kompyuta ili mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi zofunika zokhazokha. Zimitsani, zulani waya wa magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsala athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze khadi.

Masulani chomangira chakumbuyo, zulani waya wa PCIe, kenako kanikizani kaloko kapulasitiki kamene kali kumapeto kwa polowera khadi. Anthu amaiwala kalokoka n'kukoka ndi mphamvu, ndipo ena anazula polowera pomwe. Lowetsani latsopano pa mpata wautali wapamwamba, woyandikana ndi purosesa, likanikizeni mofanana mpaka kaloko kalire, limangeni, mulumikize mapini onse a magetsi mpaka pulagi ikhale bwino. Waya wa sikirini ulowe kumbuyo kwa khadi, osati pa motherboard. Cholakwika ichi ndi chofala kwambiri: sikirini imakhala yakuda, kapena kompyuta imayaka n'kumagwiritsa ntchito graphics ya mu purosesa, mwini wake n'kumadandaula kuti anamugulitsa khadi lakufa.

Ikani madiraiva, muyatsenso kompyuta, mutsimikize mu Windows kuti sikirini ili pa Hz zake zonse, chifukwa nthawi zina imabwerera pa 60. Bwerezani mayeso aja munachita poyamba, gemu yomweyo ndi malo omwewo, muyerekeze manambala. Kompyuta ikamazima gemu ikafika povuta, kaikirani power supply musanakaikire khadi. Khadi lakale musaligulitse msanga. Lisungeni sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa latsopano likayamba zachilendo, ndi lakalelo limene lidzakuthandizani kudziwa ngati vuto lili m'khadi kapena m'kompyuta.